Mwana akufuna kukhala dokotala wa mbewu? Njira yake imayambira kumunda wa kuseri kwa nyumba

Lamulungu lapitali titaweruka ku tchalitchi mayi ena anandikokera pambali ali ndi mtsikana wawo wa Fomu 3, akuti mwanayu sayansi amaikonda zedi koma za unamwino ndi udokotala wa anthu sakuzifuna chifukwa akaona magazi amachita chizungulire, nde anamva kuti ine ndimagwira ntchito ya matenda a mbewu, kodi ntchito imeneyi munthu amailowera khomo liti? Tinaima pa siteji mpaka makombi atatu anadutsa ine ndisanafike ndi pakati pomwe. Ndiye ndati bola ndilembe zonse pamodzi kuti abale a ku Mbare, Highfield, Mabvuku, Tafara, Dzivarasekwa, Epworth ndi kwina konse kumene tili ife olankhula Chichewa muno mu Harare muwerenge, makolo ndi ana omwe.

Pa Chingerezi munthu wa ntchito imeneyi amamuti plant pathologist, ndipo amene wazama kwambiri pa za bowa, nkhungu ndi chuku amamuti mycologist. Nthawi zambiri ndi munthu mmodzi yemweyo chifukwa matenda ambiri a mbewu amayambitsidwa ndi mafangasi, banja la bowa, nkhungu ndi chuku lija, ena mabakiteriya, ena mavairasi, ena timinyongolotsi ta m'mizu tosaoneka ndi maso. Ine agogo akandifunsa ndimangoti ndine dokotala wa mbewu, amamva bwinobwino.

Choyamba si yunivesite ayi, ndi diso. Izi ndikunena ndi mtima wonse chifukwa ndaonapo ana obwera ndi madigiri abwino koma ukawapatsa tsamba la chimanga lodwala amathamangira foni kukafunsa intaneti asanalitembenuze n'komwe kuti aone kunsi kwake. Ife a mu Harare tili ndi mwayi woti kuyambira Disembala mpaka Malichi tauni yonse imasanduka munda, chimanga m'madambo, m'mbali mwa njanji, pansi pa mawaya a magetsi, kuseri kwa nyumba kuli matimati ndi repu. Labu yanu yoyamba ndi imeneyo ndipo ndi yaulere. Mwana mugulireni kope lachikuto cholimba, pensulo, ndi kagalasi kokuzira zinthu kaja kolembedwa 10x ngati mungakapeze. Asankhe mapesi khumi okha, awamange kansalu, azipitako tsiku limodzi pa sabata osaphonya. Azilemba deti, ngati mvula inagwa, kaya kunali mame ambiri, ndi masamba ati adwala, a m'munsi kapena a kunsonga, phesi limodzi kapena mzere wonse. Chithunzi cha pa foni ajambule inde koma ajambulenso ndi pensulo, chifukwa dzanja likamajambula diso limakakamizika kuona ngati banga lili ndi mphepete yachikasu kapena ayi, pomwe foni imangoti kethe basi wadutsa.

Pali chiphunzitso chimodzi chimene ku sukulu amachijambula ngati chinthu cha ngodya zitatu koma ine ndimachifotokoza ndi mafuwa. Mphika sukhala pa mafuwa awiri. Nthenda nayo kuti ikhazikike pamafunika zitatu, mbewu yosalimba ku nthendayo, kachilombo koyambitsa, ndi nyengo yoti kachilomboko kasangalale nayo monga chinyontho ndi kutentha. Chotsani fuwa limodzi mphika wagwa. Mukabzala mbewu yopirira mwachotsa loyamba, mukasinthanitsa mbewu m'munda kapena kuzula zodwala mwachotsa lachiwiri, mukathirira matimati pansi m'mawa osati kuwaza pamasamba madzulo mwachotsa lachitatu. Ntchito yonse ya dokotala wa mbewu moyo wake wonse ndi kufunsa kuti pamenepa fuwa losavuta kuchotsa ndi liti, ndipo mudabwa kuti kawirikawiri yankho lake si mankhwala.

Tiyeni tione tsamba la chimanga chifukwa ndi pamene aliyense angayambire. Masamba a m'munsi akamachita chikasu kuyambira kunsonga kulowa motsata msana wa tsamba ngati chilembo cha V, imeneyo si nthenda, ndi njala, chimanga chikufuna fetereza wobereketsa. Mukaona timizere tachikasu toduka-duka totsata mitsempha pa masamba atsopano, phesi n'kupinimbira, ameneyo ndi maize streak, vairasi amene amafalitsidwa ndi tizilombo ting'onoting'ono todumpha totchedwa Cicadulina, ndipo amakonda chimanga chobzala mochedwa kapena cha m'dimba. Mabanga otuwa aatali owongoka ngati ndodo ya machesi, otsekeredwa pakati pa mitsempha, oyambira m'munsi kukwera m'mwamba, imeneyo ndi grey leaf spot, fangasi wake ndi Cercospora zeina, amagona m'mapesi akale kudikira mvula ina, ndipo anavutitsa kwambiri kuno kumwera kwa Africa m'zaka za m'ma 1990 mpaka makampani a mbewu anachita kuthamanga kupanga mitundu yopirira. Banga lalikulu losongoka mbali zonse ngati bwato ndi chiwawu china, cha Exserohilum turcicum. Ndipo mukapaka chala pa tsamba n'kutsalira fumbi lofiirira, limenelo ndi dzimbiri. Zinthu zisanu, zonse mlimi amangoti chimanga chapsa, koma chithandizo chake n'chosiyana kutalitali.

Chifukwa chake ndimalimbikira pamenepa ndi ichi. Malume anga chaka china chimanga chawo chinagwidwa ndi timizere tija, anapita pa sitolo ina ya mankhwala a mbewu m'tauni, wogulitsa sanaone ndi tsamba lomwe, anangowapatsa mankhwala opha fangasi mapaketi awiri. Anapopera katatu. Ndalama ya fizi ya mwana inathera pamenepo ndipo chimanga sichinachire, sichikanachira chifukwa mankhwala a fangasi sachita kanthu pa vairasi, zili ngati kumwa mankhwala a malungo pomwe wathyoka mwendo. Ndinali wamng'ono koma nkhope yawo tsiku lokolola ndimaikumbukira mpaka lero, ndipo ndikuganiza kuti ntchito yangayi inayambira pamenepo.

Pali zoyesa zingapo zoti mwana angachite pakhomo popanda mayikulosikopu. Matimati akafota mwadzidzidzi masamba akadali obiriwira, dothi lili lonyowa, dulani tsinde chakumunsi, lilowetseni nsonga yake m'tambula yagalasi ya madzi oyera osagwedeza, dikirani mphindi zingapo. Mukaona ulusi woyera ngati utsi kapena mkaka ukutsika kuchokera pa tsinde, amenewo ndi mabakiteriya a Ralstonia, palibe chopopera chingathandize, zulani ndipo malo amenewo musabzalepo matimati, mbatata ya kachewere, tsabola, mabiringano kapena fodya kwa zaka zingapo chifukwa onsewa ndi pachibale. Mukazula n'kupeza mizu ili ndi timfundo totupa tosachoka mukakanda, ndi timinyongolotsi tija. Mabanga akuda okhala ndi mizere yozungulira ngati mkati mwa mtengo wodula, pa masamba akale, ndi Alternaria, ameneyo ndiye mankhwala a kopa kapena mancozeb amathandiza mukayamba msanga.

China ndi ichi, tengani kontena ya pulasitiki yoikamo chakudya cha ku sukulu ija, yalani tishu yonyowa pansi, ikani tsamba lodwala, tsekani, siyani pa mthunzi m'nyumba tsiku limodzi kapena awiri. Ngati ndi fangasi nthawi zambiri amatuluka yekha kudzionetsa, pa banga paja pamamera ubweya wotuwa kapena wakuda kapena woyera, muuone ndi kagalasi kaja. Ife ku labu timachita zomwezi, kungoti mbale zathu ndi zagalasi. Mwana akakhala ndi mwayi wa mayikulosikopu ku sukulu, agunditse seloteyipi pa ubweyawo, amate pa kagalasi kali ndi dontho la madzi, aone. Tsiku loyamba kuona njere za fangasi, zina ngati zibonga zina ngati mwezi wongooneka kumene, munthu suiwala.

Za bowa ndinenepo mosamala. Nyengo ya mvula pa misewu yotuluka mu Harare ndi ku Mbare Musika mumapezeka bowa wambiri, uja anzathu a Chishona amati nhedzi ife timati ndelema, ndi wina wa pa chulu amene chiswe chimachita kumulima chokha m'nyumba mwake, a sayansi amamuti Termitomyces, ndipo ku Zambia kuli mtundu wake wina chipewa chake chimatha kufika pafupifupi mita imodzi. Mwana aphunzire kuzula bowa ndi tsinde lonse mpaka pansi osadula, alembe mtengo umene unali pafupi, aike chipewa pa pepala kunsi kwake kutayang'ana pansi n'kuvindikira ndi kapu usiku wonse, m'mawa apeza njere zajambula chithunzi ndipo mtundu wa njerezo umathandiza kudziwa bowayo. Koma kuphunzira si kulawa. Kuno kuli Amanita phalloides amene amamera pansi pa mitengo yobwera monga paini ndi oak, akali wamng'ono amasokoneza ndi ndelema, kuphika sikuchotsa poizoni wake, ndipo choopsa n'choti munthu amayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba patapita maola 6 mpaka 24, kenako amaoneka ngati wachira pomwe chiwindi chikuwonongeka. Zoti supuni imada ukaika mu bowa wakupha kapena zoti bowa wodyedwa ndi tizilombo ndi wabwino ndi zabodza abale anga. Wina akadwala atadya bowa, kuchipatala nthawi yomweyo, mutenge ndi bowa wotsalayo.

Mtsikana uja ndinamuuza za munthu mmodzi amene amatchedwa tate wa sayansi imeneyi, Anton de Bary, chifukwa nkhani yake ikufanana ndi ya mtsikanayo. Anabadwira ku Frankfurt ku Germany mu 1831, bambo ake anali dokotala, iyenso anaphunzira udokotala wa anthu n'kumaliza mu 1853 koma sanakhalitse pa ntchitoyo, mtima wake unali ku zomera ndi mafangasi zimene ankatola kuyambira ali mnyamata. Nthawi imeneyo anthu anali asanaiwale zimene zinachitika ku Ireland kuyambira 1845, pomwe chiwawu chinawoletsa mbatata ya kachewere dziko lonse, anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa ndi njala ndi matenda ndipo enanso ochuluka choncho anathawa dziko. Anthu ophunzira ambiri ankati nkhungu yooneka pa masamba ija imabwera chifukwa mbewu yawola kale, osati ndiyo yawoletsa. M'busa wina wa ku England, Miles Berkeley, ananena mu 1846 kuti ayi nkhunguyo ndiye mwini mlandu koma ambiri sanamukhulupirire. De Bary ndi amene anadzatsimikiza mu 1861, anatenga njere za nkhunguyo n'kuika pa mbewu zabwinobwino, zina n'kuzisiya osaika, zoikidwa zija zinadwala zinazo ayi, ndipo anatsata ndi mayikulosikopu mmene njere imamerera n'kulowa m'tsamba. Pambuyo pake ndi iye anaipatsa dzina loti Phytophthora infestans, ndi yomweyi imawotcha matimati ndi kachewere ku Nyanga, ku Dedza ndi ku Ntcheu mvula ikachuluka. Lero tikudziwa kuti si fangasi weniweni, ndi wa banja lina, koma zimenezo akazimva ku koleji. De Bary anapezanso kuti dzimbiri la tirigu limasinthana pakati pa tirigu ndi kamtengo ka barberry, anaphunzitsa ophunzira ochokera maiko ambiri ku Strasbourg mpaka anamwalira mu 1888. Chimene ndimafuna mwana atolepo ndi chija cha kusiya mbewu zina osaika kanthu. Popanda chofanizira palibe sayansi, pali maganizo chabe.

Tsopano za mapepala, ndipo pano ndikulankhula ndi inu makolo. Ambiri a ife agogo athu anabwera kuchokera ku Nyasaland kudzagwira m'mafamu a fodya, m'migodi, ku njanji ndi m'makhitchini, ndipo m'mabanja mwathu nkhani ya mabethi satifiketi ndi ziphaso zolembedwa kuti alien yativuta zaka zambiri. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anatsegula njira ya unzika kwa obadwira muno amene kholo lawo linali la dziko la mu SADC, nde musadikire mwana afike Fomu 4 kuti muyambe kuyenda ku ofesi ya kalembera. Mayeso a ZIMSEC, malo ku koleji, pasipoti yokaphunzirira kunja, zonse zimayambira pa pepala limenelo, ndipo ndaona ana anzeru akutsalira osati chifukwa cha mutu koma chifukwa cha pepala. Zimandiwawa kwambiri.

Pa O Level mwana agwire masabujekiti asanu kupita m'mwamba, Chingerezi, masamu ndi sayansi zisasowe. Masamu musawapeputse, ntchito imeneyi ili ndi kuwerengera kwambiri, mukayesa mitundu 20 ya chimanga m'maplot obwereza katatu muyenera kudziwa ngati kusiyana mukuonako ndi kwenikweni kapena kwangochitika. Pa A Level atenge Biology ndi Chemistry, chachitatu masamu kapena za ulimi. Akatero angafunsire digiri ya ulimi mbali ya Crop Science kapena ya Biological Sciences ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant, imene poyamba m'ma 1950 inkatchedwa University College of Rhodesia and Nyasaland, dzina la kwathu linali pa geti pomwepo. Kulinso Midlands State ku Gweru, Chinhoyi, Bindura, ya za ulimi ya ku Marondera, ndi Africa University kufupi ndi Mutare. Ngati mapointi sanakwane kapena ndalama yavuta, dipuloma ya ku Gwebi kapena ku Chibero kufupi ndi Norton si manyazi ayi, ambiri anayambira kumeneko n'kukhala alangizi a Agritex kapena matekinishani a mu labu kenako n'kudzakwera digiri ali pa ntchito. Ndipo amene abale alipo ku Malawi, ku Bunda ku LUANAR ndi njira inanso. Mwana akaona ngati wachedwa mumuuze za Norman Borlaug, mayeso oyamba olowera ku yunivesite ya Minnesota analephera, anayamba ndi za nkhalango, kenako atamva pulofesa wa matenda a mbewu E. C. Stakman akulankhula za dzimbiri la tirigu anasintha n'kukhala dokotala wa mbewu, anatenga PhD mu 1942 ndipo mu 1970 analandira Nobel chifukwa cha tirigu wake.

Chaka cha atachimenti, nthawi zambiri chachitatu, ndi pamene moyo wa mwana umakhotera, nde asangolola kukakhala pa desiki kumafotokopa mapepala. Harare pa nkhani imeneyi ndi yolemera kuposa mmene timaganizira. Kuli Kutsaga, malo ofufuzira za fodya pafupi ndi bwalo la ndege, ali ndi kiliniki ya mbewu kumene alimi amapititsa zodwala. Kuli Plant Protection Research Institute ya boma pansi pa nthambi yofufuza za ulimi ya DR&SS cha ku Fifth Street Extension, pafupi pomwepo National Herbarium ndi Botanic Garden ku Alexandra Park kumene mwana wa sekondale angapite Loweruka kukaphunzira mayina a mitengo. Kuli CIMMYT, bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu, pa msewu wa Mazowe, kuli ART Farm cha ku Pomona, kuli Rattray Arnold ya Seed Co cha ku Arcturus, dzina lake likuchokera kwa anthu awiri amene anapanga chimanga cha SR52 chotuluka mu 1960, chija agogo athu ankachitchula ngati munthu. Ku Mazowe kuli oyang'anira kuti matenda asalowe m'dziko, ndipo ntchito yawo inakula pamene maize lethal necrosis inabuka ku Kenya mu 2011, nthenda ya mavairasi awiri ogwirizana imene imatha kupha munda wonse. Makalata ofunsira malo alembe msanga, apite nawo yekha, ndipo chionetsero cha zaulimi cha ku Exhibition Park chakumapeto kwa Ogasiti asamangopitako kukadya ayisikilimu, aziima pa matebulo a ofufuza, azifunsa mafunso, atenge kope lake lija awaonetse. Wasayansi aliyense akaona mwana wa Fomu 3 ali ndi kope la miyezi inayi ya masamba ojambula pamanja amamukumbukira.

Mu labu akayamba ndi kutsuka mbale, aliyense amayambira pamenepo ndipo ndi bwino chifukwa ukhondo ndiwo theka la ntchito. Kenako aphunzira kuphika chakudya cha mafangasi chotchedwa PDA, mbatata ya kachewere magalamu 200 kuwiritsa n'kusefa msuzi, shuga wa dextrose magalamu 20, agar, ufa wolimbitsa msuziwo ngati jeli, magalamu 15 mpaka 20, madzi kukwana lita imodzi, n'kuphika mu autoclave pa madigiri 121 kwa mphindi 15. Autoclave ndi mphika wa presha waukulu basi. Aphunzira kudula kachidutswa pa malire pomwe podwala pakumana ndi pabwino, osati pakati pa banga pomwe pafa kale chifukwa pamenepo pamadzaza alendo ongodya zowola, kukaviika mu Jik wosungunula pafupifupi mphindi imodzi, kutsukuluza ndi madzi owiritsa, kuumitsa, kuika pa mbale pafupi ndi lawi la moto, kudikira masiku angapo pa madigiri 25. Mbale zoyamba zambiri zimamera zinthu zimene sunaitane, zobiriwira, zakuda, ndipo umayambiranso. Ndiye pali malamulo a Koch, wasayansi wa ku Germany, otsimikizira chimene chayambitsa nthenda, amene sungawalumphe, kachilombo kapezeke pa mbewu yodwala, ukalere kokha pa mbale, ukaike pa mbewu yabwino idwale chimodzimodzi, ukatengenso pa mbewu yachiwiriyo kakhale komweko. Masiku ano tili ndi PCR yoona DNA ndipo aiphunzire ndithu, koma makina amangoyankha funso limene wafunsa, ngati diso linalakwitsa kumunda makina sakupulumutsa.

Digiri yoyamba imakupatsa ntchito ya mu labu, ya ku kampani ya mbewu kapena ya mankhwala, ya ku mafamu a maluwa ndi ndiwo zotumiza kunja, ya pa malire a dziko. Koma kuti ukhale wotsogolera kafukufuku pamafunika masitazi ndipo kawirikawiri PhD, zonse pamodzi kuchokera Fomu 6 muwerengere zaka khumi kapena kupitirira. Ubwino wake maphunziro apamwambawa ambiri salipira m'thumba, amalowa m'mapulojekiti. Aziyang'ana RUFORUM, mgwirizano wa mayunivesite a mu Africa pa za ulimi, imene likulu lake lili ku Makerere ku Kampala, FABI ku yunivesite ya Pretoria imene inayamba mu 1998 ndipo ndi malo otchuka pa dziko lonse pa za mafangasi, ndi AWARD imene imathandiza amayi asayansi ya zaulimi. Atsikana asamve ngati ndi ntchito ya amuna, Ethel Doidge, mayi woyamba kutenga udokotala wa maphunziro ku South Africa mu 1914, anali wa matenda a mbewu ndi mafangasi, ndipo ndi iye analemba kaundula wamkulu wa mafangasi a dziko limenelo wotuluka mu 1950. Posankha wokuyang'anira afunse ophunzira akale ngati munthuyo amawerenga zolemba zawo ndi kuwayankha, dzina lalikulu lopanda nthawi limachedwetsa mwana zaka. Za ndalama sindikunamizani, ku boma malipiro ndi ochepa ndipo pena mankhwala a mu labu amatha magetsi n'kuzima firiji ili yodzaza ndi zimene walera chaka chonse, ku makampani ndi mabungwe akunja kuli bwinoko koma ndi makontrakiti. Ndi ntchito ya dzuwa, matope ndi magambutsi nyengo ya mvula, ndi ya kulemba malipoti nyengo yozizira.

Akandifunsa mutu woti afufuze ine ndimati chuku, chifukwa chili m'mbale mwathu tsiku lililonse. Fangasi wa Aspergillus flavus amamera pa mtedza ndi chimanga makamaka chikavutika ndi chilala m'munda kenako n'kusungidwa chisanaume, amatulutsa poizoni wa aflatoxin amene saoneka, sanunkha, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa. Dziko linamudziwa mu 1960 pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Mu 2004 ku Kenya anthu 125 anafa atadya chimanga chachuku, ndipo wodya pang'onopang'ono kwa zaka amakhala pa chiopsezo cha khansa ya chiwindi. Mayi wina wasayansi wa ku Kenya, Charity Mutegi, analandira mphotho ya Borlaug mu 2013 pa ntchito yolimbana ndi zimenezi, ndipo a bungwe lofufuza za ulimi la IITA anapanga Aflasafe, kumene amamwaza m'munda mtundu wa fangasi yemweyo koma wosatulutsa poizoni kuti ulande malo a woipayo. Pa chimanga palinso fumonisin wa Fusarium amene gulu la Wally Marasas linamutulukira ku South Africa mu 1988. Nde taganizani nsinjiro zathu, chiponde chathu chimene kuno timagula ngati dovi, phala la ana, ndi chizolowezi chija chowaza madzi pa mtedza kuti usavute kuswa, kapena kusankha wabwino kukagulitsa wonyala ndi wowawa n'kusinjira ana. Amayi a ku Epworth sangamve zimenezi kwa munthu wongolankhula Chingerezi cha mu lipoti, pakufunika mwana wathu woti akhale nawo pa mkeka afotokoze m'Chichewa ndi m'Chishona kuti mtedza uume mpaka uzilira m'chikhokho ukaugwedeza, matumba akhale pa thandala osagunda khoma, ndipo wachuku asapatse ndi nkhuku zomwe.

Chotsiriza chimene mwana aphunzire ngakhale asanamalize Fomu 4 ndi katengedwe ka sampulo, chifukwa akangodziwika kuti amakonda zimenezi aneba ayamba kumubweretsera masamba. Asatenge mbewu yofa kale, atenge imene yangoyamba kudwala, ina yadwala pakati, ndi ina yabwino yofanizira. Ngati ndi yofota azule yonse ndi mizu ndi dothi lake, mizu aimange m'jumbo payokha kuti dothi lisadetse masamba. Masamba aike m'pepala la nyuzi kapena envulopu osati m'pulasitiki yotseka, ndipo asawaze madzi, mu kombi yotentha pulasitiki imaphika tsamba likafika ndi phala. Alembe ndi pensulo dzina la mbewu, tsiku lobzala, fetereza ndi mankhwala amene anathira, chimene chinabzalidwa pamenepo chaka chatha, ndi mmene nthenda yayalira m'munda. Apititse tsiku lomwelo kapena mawa lake m'mawa kwa mlangizi kapena ku kiliniki ya mbewu, makamaka kumayambiriro kwa sabata kuti isagone Loweruka ndi Lamulungu pa tebulo.

Mtsikana uja ndamuuza kuti Lamulungu likubwerali abwere ndi masamba atatu a matimati a kuseri kwa nyumba yawo atakulunga m'nyuzi, limodzi la m'munsi, limodzi la pakati, limodzi la kunsonga, ndi kope lake atalemba kale chimene iye akuganiza kuti ndi vuto ndi chifukwa chake. Ine ndibweretsa kagalasi, tikaonera limodzi pa benchi ya panja tikaweruka, ndipo mayi ake ndawapempha kuti sabata ino ayambe ayang'ana ngati bethi satifiketi ya mwanayo ilipo.